Ndiwo ya Mphindi 15 ku Mufakose

Dzuwa linali litapendeka pamene mayi wa ana atatu anatsika kombi ku Mufakose, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, chikwama cha mabuku a ntchito chili paphewa, jumbo ya nsomba ili m'manja. Tsiku lonse anali atayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za madzi aukhondo, popeza ndi mmodzi mwa alangizi a zaumoyo a m'deralo. Unali mwezi wa January chaka cha 2025, nyengo ya mvula, ndipo kunyumba kunali ana anjala ndi agogo ake aamuna a zaka 81 omwe sangamwe mankhwala awo a madzulo asanadye.

Nsomba ziwiri zinali m'jumbomo zinamudyera ndalama zoposa zomwe anakonza. Pasiteji panali mnyamata wa njinga amene ankagulitsa nsomba motchipa, koma atamufunsa komwe wazitenga, mnyamatayo anayang'ana kumbali. Mayiyo anadziwa kuti ndi za ku Chivero, nyanja yomwe inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, komwenso mzinda wa Harare umatunga madzi akumwa. Zonyansa za m'mipope ya zimbudzi zakhala zikulowa m'nyanjayi kwa zaka zambiri kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, ndipo mtsinje wa Marimba umadutsa pafupi ndi Mufakose pomwe. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, omwe anali ndi ndere za poizoni, ndipo boma linaletsa usodzi kumeneko. Mayiyo anali mtsikana pamene kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, ndipo maliro ambiri ankatuluka ku Budiriro, dera loyandikana nawo. Choncho anapitirira mpaka kusitolo nakagula nsomba zoweta za ku Kariba, zomwe eni dziko amati bream, m'bale wake wa chambo. Anasankha za maso owala, zamnofu wolimba wosasiya dzenje ukadinidwa ndi chala.

Atafika pakhomo anapeza chinthu chosowa: magetsi anali akuyaka. Kuyambira pa chilala cha 2024, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, monga zinalili mu 2019, ndipo uvuni wa pachitofu chake unali utasanduka mosungira mapoto. Mu kombi anali ataonera pa lamya kanema wa mayi wina wa kunja akuotcha nsomba yofiirira yotchedwa salmon mu uvuni, n'kumanena kuti chakudya cha banja lonse chimapsa m'mphindi 15. Anapita nayo lamyayo kwa agogo ake omwe anakhala pakhonde.

"Agogo, taonani izi. Akuti mphindi 15 basi. Kodi n'zoona?"

Nkhalambayo inayandikitsa lamya kumaso, inayang'ana kwa kanthawi, kenako inaseka mpaka kutsokomola.

"N'zoona, mdzukulu wanga. Imeneyo ndi nsomba ya bwana. Ndinaiphikapo ine."

Agogowa anachoka ku Nkhotakota mu 1961 ali ndi zaka 17, m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Monga anyamata ambiri a nthawiyo, anadutsa ku Tete nalowa ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Anzawo anathera m'minda ya fodya ndi m'migodi. Iwo anapeza ntchito ya m'khitchini mwa mzungu ku Highlands, mumzinda womwe unkatchedwa Salisbury kufikira 1982. Amalawi anatchuka kwambiri pa ukhukhi, ndipo mabanja ambiri a kumayadi ankafuna "achimwene" kukhitchini kwawo. Kumalokeshoni ena ankawanyoza kuti "mabhurandaya", kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu atakhala kuti ku Blantyre sanapondeko.

M'khitchini imeneyo anaphunzira kuti salmon ndi nsomba ya kumadzi ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi. Imaswedwa mumtsinje, imakakulira m'nyanja yamchere, ndipo ikakhwima imabwerera kumtsinje womwewo kukaikira mazira. Yambiri yomwe imagulitsidwa masiku ano ndi yoweta, ndipo dziko la Norway ndilo limatsogola pa ulimi umenewu. Kukhitchini kwa bwana nthawi zambiri inkabwera ya m'zitini, yaiwisi inkaoneka pa zikondwerero zokha. Imene ankaotcha kawirikawiri inali m'bale wake, trout, yochokera kumapiri ozizira a ku Nyanga. Kwa zaka zoposa 30 ankaitulutsa mu uvuni, kuikongoletsa ndi ndimu, kuipereka patebulo, kenako n'kupita kuseri kukadya nsima ya matemba. Sanakhalepo pansi ndi kudya nthuli yathunthu. Ankangolawa msuzi pa supuni kuti amve mchere.

"Tsono ya mafuta ambiri ngati imeneyo, yodulidwa kale, imapsa msanga," anatero akudzuka ndi ndodo yawo. "Yathuyi ndi yathunthu, ili ndi mutu ndi minga. Ipatse mphindi 25. Yatsa uvuniwo tsopano utenthe, usadikire kuti umalize kupala."

Mayiyo anaika uvuni pa madigiri 200. Agogo anakhala pampando pafupi ndi sinki n'kumalangiza. Mamba anapalidwa, matumbo anachotsedwa, nsomba zinatsukidwa ndi madzi othira mankhwala a m'chigubu, osati a pampopi. Mbali iliyonse anaicheka katatu mpaka mpeni kugunda munga wa pamsana, kuti moto ulowe mofanana. M'mabala amenewo anapakamo mchere ndi adyo wosinja, m'mimba anaikamo ndimu wodula, ndipo pansi pa thireyi anayala anyezi ndi matimati. Mafuta anathira supuni imodzi yokha pa nsomba iliyonse. Mayiyo anadabwa, pakuti pokazinga nsomba ziwiri zotere amatha pafupifupi kapu yathunthu, ndipo mafuta ophikira ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimamaliza ndalama za mwezi.

Thireyi inalowa mu uvuni, poto wa nsima anakhala pamoto, mwana wamkulu anayamba kudula masamba a kovo. Fungo la adyo litangoyamba kumveka, nyali ya kudenga inathima. Msewu wonse unachita mdima, ndipo kunamveka kudandaula kwa anthu m'nyumba zoyandikana. Nsomba zinali zitakhala mu uvuni mphindi zisanu ndi zitatu zokha.

Mayiyo anakhala chete atagwira chitseko cha uvuni. Gasi anali atatha dzana lake. Nsomba yosapsa sakanaipereka kwa ana, iye amene amaphunzitsa ena za zakudya zosapsa bwino. Kuisiya kuti aione mawa kunalinso kuitaya, popeza furiji yopanda magetsi m'nyengo yotentha ndi kabati chabe. Mwana wamng'ono anayamba kulira.

"Usatsegule, kutentha kungathawe," anatero agogo mumdimamo. "Uuze mnyamatayo akoleze mbaula panja. Ndipo unditengere mphika wachitsulo uja wa miyendo itatu."

Makala atayaka, anasamutsira nsomba zija mumphikamo pamodzi ndi anyezi ndi matimati ake, nathiramo madzi pang'ono kuti zisapserere. Pansi pa mphika anasiya makala ochepa, ndipo ambiri anawayala pamwamba pa chivindikiro. Anafotokoza kuti uvuni si kanthu kena koma moto wozungulira chakudya mbali zonse, ndipo kuti mayi awo ku Nkhotakota ankaphika chigumu mwa njira yomweyo iwo asanaonepo waya wa magetsi. Mvula itayamba kuwaza, mnyamata uja anafuna kulowetsa mbaula m'khitchini, koma mayi ake anamukaniza. Utsi wa makala suoneka ndiponso sununkha, koma m'nyumba yotseka umapha anthu ali mtulo. Anaikokera pansi pa denga la khonde, pomwe mphepo imadutsa.

Podikira, mtsikana wa zaka 10 anafunsa m'Chishona, chilankhulo chomwe ana a pakhomopo amayankhula kwambiri, ngati Sekuru nawonso adzabwerere kumtsinje kwawo ngati nsomba ija. Agogo anayankha m'Chichewa, monga amachitira nthawi zonse. Anati kwawo anapitako kawiri kokha, ulendo womaliza pamaliro a mayi awo, ndipo kumudzi anthu onga iwo amawatcha matchona. Kuno nako sikunawalandire msanga. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana awo obadwira ku Harare konkuno anapezeka akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. "Mtsinje wanga tsopano ndi inuyo," anatero, kenako anauza mdzukulu wawo kuti avundukule mphika.

Anatenga foloko nayesa pamalo ochindikala, pafupi ndi munga wa pamsana. Mnofu unali woyera mpaka m'kati ndipo unalekana ndi munga mosavuta. Chizindikiro chake ndi chimenecho, kaya nsombayo ndi salmon, chambo kapena mlamba: ngati m'kati mukadali monyezimira ndipo mnofu ukukakamira pamunga, ibwerere pamoto. Nsima inamalizidwa pa mbaula yomweyo.

Chakudya cha mphindi 15 chinatenga ola limodzi ndi theka. Anadya atazungulira kandulo, mayi akusankhira mwana wamng'ono minga. Mitu yonse iwiri inapita kwa agogo, monga mwa mwambo wa kunyanja, koma mdzukulu wawo anawaikiranso nthuli ya pamsana, yopanda minga, yonga ija ankapereka patebulo ku Highlands. Anaidya pang'onopang'ono, nanena kuti mchere wachepa pang'ono, kenako anamwa mankhwala awo.

Sabata yotsatira, pamsonkhano wa amayi a m'dera lake, mlangizi uja anabwera ndi mphika wachitsulo ndi kathumba ka makala. Anayamba ndi funso loti nsomba yomwe akugula yachokera kuti, anaonetsa kachekedwe kake, ndipo anayala makala pachivindikiro amayi onse akuona. Mmodzi anafunsa kuti njira imeneyi anaiphunzira kumaphunziro ati. Iye anayankha kuti mphunzitsi wake ali kunyumba, ndipo amapezeka pakhonde madzulo aliwonse.