Mmisiri wa ku Chilinde Alowa M'phanga la Pansi pa Nyanja

Ku Chilinde, mu mzinda wa Lilongwe, kuli mmisiri wina wa matabwa amene adakhala zaka 30 osaponda m'madzi opyola m'mawondo. Pa unyamata wake iye adali katswiri posambira. Koma chaka china, mvula itagwa kumtunda, mng'ono wake adapita yekha kukasamba mu mtsinje wa Lilongwe, ndipo madzi adamtenga. Kuyambira tsiku lomwelo mmisiriyo adadana nawo madzi, nalamula kuti mwana aliyense wa mbumba yake asayandikire mtsinje.

Patapita zaka, mwana wa mlongo wake adapeza ntchito ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, pamalo pamene alendo amaphunzira kumira m'nyanja atabereka mpweya kumsana. Poyamba mnyamatayo ankangonyamula katundu. Pambuyo pake adaphunzira kumira, ndipo adatumiza mawu kwawo kuti afuna kukhala wotsogolera alendo pansi pa madzi. Mayi ake adalira, nati, "Achimwene, mwini mbumba ndinu. Pitani mukamtenge mwanayo, madzi angatilandenso wina."

Mmisiri adakwera basi ya ku Monkey Bay, nafika m'mudzi wa Chembe dzuwa litapendeka. Malowo ngotchuka kuyambira kale. David Livingstone adawatcha Cape Maclear m'chaka cha 1861, ndipo amishoni a Livingstonia adayamba ntchito yawo pomwepo mu 1875, asanasamukire ku Bandawe. Mu 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park kuti nsomba za kumeneko zitetezedwe, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma mmisiri sadadzere mbiri. Adangoti, "Iwe mwana, manga katundu wako, mawa tibwerera."

Mnyamata adagwada, nayankha, "Amalume, mawu anu sindingawakane. Koma muyambe mwaiona ntchitoyi ndi maso anu. Mukaiona kuti njoipa, ndinyamuka nanu."

Mphunzitsi wa pamalopo, mayi wodekha mtima, adavomera kumphunzitsa, ndipo iye adalonjeza kukonza mipando ya m'bwato imene idathyoka. Adavomera maphunzirowo pofuna kupeza choipa choti akanene kwa mlongo wake.

Tsiku loyamba adamuonetsa zida. Pali botolo lachitsulo lodzaza ndi mpweya wamba, womwewu umene anthu amapuma, koma wopanikizidwa ndi makina. Pali chopumira chimene munthu amaluma pakamwa, ndipo chimatulutsa mpweya pokhapokha iye akaukoka. Chida chimenechi adachikonza Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943. Palinso galasi lophimba maso ndi mphuno, nsapato zonga mapazi a bakha, lamba wa mtovu wothandiza kumira, ndi kawotchi kosonyeza mpweya wotsala.

Kenaka adamphunzitsa malamulo. Madzi ngolemera, ndipo munthu akatsika mamita 10 thupi lake limapanikizidwa kawiri kuposa pamtunda. Chifukwa chake makutu amawawa, ndipo womira ayenera kutsina mphuno ndi kuuzira pang'ono nthawi ndi nthawi potsika. Lamulo lalikulu ndi lakuti asagwire mpweya m'chifuwa. Mpweya umene munthu wapuma pansi umafufuma pamene iye akukwera, ndipo akathamangira pamwamba atatseka pakhosi mapapo ake angathe kung'ambika. Lamulo lina ndi lakuti munthu samira yekha. Mutu umodzi susenza denga. Pomva lamulo limeneli mmisiri adakhala chete nthawi yaitali, pakuti adakumbukira mng'ono wake.

Masiku atatu adaphunzira m'madzi osaya, atagwada pamchenga. Manja ndi miyendo yake zidakumbukira kusambira. Adaphunzira kutulutsa madzi olowa m'galasi, ndi kulankhula ndi manja: chala chachikulu ndi chamkombaphala zikapanga bwalo, ndiye kuti zonse zili bwino, chala chachikulu chikaloza kumwamba, ndiye kuti akwere.

Tsiku lachinayi bwato lidawatengera ku chilumba cha Thumbi. Nyanja ya Malawi njakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, koma wophunzira kumene saloledwa kupyola mamita 18, ndipo iwo adatsika mamita 6 okha. Kumeneko miyala ikuluikulu idasanjikizana, ndipo pakati pake pali mipata yonga mapanga. Mphunzitsi adasankha phanga lalifupi, lotakata, la makomo awiri, lakuti munthu ali pakhomo loyamba amaona kuwala kwa khomo lachiwiri. Phanga lalitali lamdima silili la ophunzira, pakuti limafuna maphunziro ena, chingwe ndi nyali.

Pakhomo pa phangalo padali mbuna zosawerengeka, zobiriwira, zachikasu ndi zamizeremizere, zikudya ndere za pamiyala. Nsomba zimenezi kwawo nkunyanja ya Malawi kokha. Yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo mmisiri adaona ina ikutsegula pakamwa, tiana tonse nkuthawira momwemo. Mkati, pansi pa mwala, mudagona kampango wa ndevu zazitali.

Atafika pakati pa phanga, mmisiri adapalasa mwamphamvu, ndipo matope a pansi adavunduka. Kuwala kudazimiririka. Madzi adakhala ofiirira ngati a mtsinje wosefukira uja. Mtima wake udagunda kwambiri, mpweya udaoneka ngati ukuchepa, ndipo adafuna kudumphira pamwamba. Koma pamwamba padali mwala.

Pamenepo dzanja lidagwira mkono wake. Adali mwana wa mlongo wake. Mnyamata adabweretsa nkhope yake pafupi, namyang'ana m'maso, nayendetsa dzanja pang'onopang'ono kusonyeza kuti apume modekha. Adamuonetsa kawotchi, ndipo mpweya udali wochuluka. Mmisiri adapuma kamodzi, kawiri, katatu. Matope adayamba kukhazikika, ndipo khomo lidaonekanso patsogolo pawo, pamene mphunzitsi ankawadikira. Adatuluka atagwirana manja, nakwera pang'onopang'ono monga mwa lamulo.

M'bwato mmisiri sadalankhule. Madzulo, atakhala pamchenga, adati, "Iwe mwana, lero wandisenza ngati khanda."

"Iyayi, amalume," adatero mnyamata. "Mudapuma nokha. Ine ndidangokukumbutsani."

Usiku umenewo mmisiri adalingalira za zaka 30 zija. Adaona kuti chiletso chake chidasiya ana a mbumba yake osadziwa kusambira, pamene mtsinje ukali pomwepo ndipo umasefukirabe nthawi ya dzinja. Mng'ono wake adalowa m'madzi olusa ali yekha, popanda womuuza kuti adikire kapena womgwira dzanja. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Iye adazindikira kuti nthawi yonseyi adali ndi mantha, koma kudekha adakuphunzira tsiku limenelo kwa mwana amene adadzamtenga.

M'mawa adamaliza kukhoma mipando ya m'bwato, nabwerera yekha ku Chilinde. Mlongo wake adamchingamira pakhomo, nafunsa, "Nanga mwana ali kuti, achimwene?"

"Ali pantchito, ndipo ntchitoyo aidziwa," adayankha mmisiri. "Ndamlola, koma ndamlamula zinthu ziwiri: asamire yekha, ndipo asalowe m'madzi mwera ukamawomba. Tsono sukulu ikatsekera, ana onse a pakhomo pano ndipita nawo kunyanja, akaphunzire kusambira kwa mkulu wawo."