Mayina a mu kernel

Foni ya Android yomwe mlimi wa kuno ku Kasungu amaimbira wa lole kuti adzanyamule mabelo imayendera kernel ya Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991. Ine ntchito yanga ili m'kakona ka kernel imeneyi kotchedwa staging, komwe amayang'anira Greg Kroah-Hartman. Kumeneko kumasungidwa madalaivala, mapulogalamu oyendetsa zipangizo, amene akugwira ntchito koma kalembedwe kake sikanalongosoke. Timasesa, ndipo zomwe wasesa mnzako, zotumizidwa ngati patch, umaziunika zisanalowe.

Zambiri zomwe ndimaunika ndi mayina. Tengani dalaivala ya Wi-Fi ya rtl8723bs. Muli dzina lakuti bSurpriseRemoved, losonyeza kuti chipangizo chazulidwa mwadzidzidzi. Kachida kathu, checkpatch.pl, kamadandaula kakaona zilembo zazikulu ndi zazing'ono zitasakanizika chonchi. Ndiye wongoyamba kumene, pofuna kuti kachidako kakhale chete, amalemba b_surprise_removed n'kutumiza. Ine ndimabweza. Ka b ka kutsogoloko kamangonena kuti mtengo wake ndi inde kapena ayi, zomwe compiler ikudziwa kale. Chotsani, patsale surprise_removed.

Amene adasankhapo fodya m'chigafa amva msanga. Belo ikafika ku okushoni ya Chinkhoma italembedwa giredi ina, m'kati muli masamba ena, imabwerera. Dzina likalonjeza kuti kachigawo ka kodi kamangowerenga, pamene mwakabisira kakumasulanso memory, limenelo ndi bodza, ndipo adzapwetekedwe nalo ndi munthu amene adzakonze kodiyo zaka khumi zikubwerazo, usiku, makina atafa.

Komatu kutalika si ubwino. Kowerengera ka mu loop ya mizere itatu kakhale i basi. Kukapatsa dzina la mawu anayi n'kudzionetsera chabe. Dzina looneka m'kernel monse ndilo liyenera kufotokoza zonse, poti woliwerenga ali kutali ndi pomwe lidabadwira.

Pomwe ndimachedwa kwambiri ndi pa malebulo a goto, potulukira zinthu zikalephereka. Ena amalemba err1, err2, err3. Mawa wina akalowetsa sitepe pakati, manambala onse asokonekera, ndipo memory ina itsala osamasulidwa. Lebulo inene chomwe ikuchita: err_free_skb, err_unlock. Ukamawerenga chokwera umaona wekha ngati chilichonse chomwe chidatengedwa chabwezedwa.

Kuyambira mu 2020 timapewanso master ndi slave, blacklist ndi whitelist m'kodi yatsopano, kupatula pomwe mawuwo adamangika kale ku chipangizo kapena ku mapulogalamu a ogwiritsa ntchito.

Lamulo lomwe sindinyengerera ndi ili: patch yosintha dzina isinthe dzina lokha. Wina amati poti wafika kale pamenepo, akonzeretu ndi if yomwe yamunyansa. Ayi ndithu. Zimenezo ndi patch ziwiri, chifukwa pa mizere 200 yongosintha mayina, mzere umodzi wosintha machitidwe diso silingauone. Ndimamulembera kuti, "Achimwene, gawani pawiri, mutumizenso v2."