Mashoki a Datsun ya Amalume

Galimoto ikamatha mashoki siichita phokoso ngati injini. Imangoyamba kuvina pang'onopang'ono, mwini wake n'kuzolowera gulewo. Datsun 120Y ya amalume anga inafika pamenepo mu 1985, ine ndili pa sukulu pa Chirunga pano. Ukaitsindira kumphuno n'kuisiya, inkagwedeza mutu katatu kanayi ngati nkhalamba yovomera mlandu, pamene galimoto yabwino imadzuka kamodzi n'kuima.

Kwa woyenda m'tauni mokha limeneli ndi vuto la msana basi. Koma amalume ankadyera kuphiri. Ankakwera cha ku Ku Chawe kukapikula mbatata ya kachewere ndi masitiroberi n'kutsika nazo kumsika, ndipo sopo ndi makope anga zinkachokera m'matumba omwewo. Masiku amenewo msewu wokwerera unali wina, wotsikira wina, wokhotakhota, phompho lili pambali. Pajatu buleki imagwira gudumu chabe. Choimitsa galimoto ndi tayala logunda pansi. Shoki ikafa tayala limadumphadumpha, tsono ngakhale uponde motani, nthawi zina umakhala ukupondera mphepo.

Kutsogolo kwa 120Y kuli miyendo ya mtundu umene unatenga dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America, umene unatchuka ndi Ford Consul ya mu 1950. Mwendowo ndi chipaipi chimodzi: kumunsi kuli gudumu, kumtunda chavala sipulingi, m'kati muli shoki. Sutaya mwendo wonse ayi, umangosolola zam'kati n'kulowetsamo katiriji yatsopano. Kuipeza ndiye inali nkhani. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu akuzungulira kutali pa malole, ndipo amalume anapita ku Limbe katatu asanabwere nawo makatiriji awiri. Awiri ndithu, chifukwa kusintha mbali imodzi n'kupatsa galimoto mwendo wotsimphina. Ndalama ya makaniko inathera pomwepo.

Choncho Loweruka lina tinayala masaka pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Matawale. Tisanagwire n'komwe jeke, mkangano unabuka. Amalume ankafuna kumanga sipulingi ndi waya galimoto ikadali pansi, kulemera kwake kutaifinya, kuti tikamasula nati ya pamwamba ikhale yomangidwa kale. Ambiri amatero, ndipo ambiri zimawayendera. Ine ndinakana.

"Mphwanga, sukulu yakupatsa mantha," anatero amalume.

"Amalume, sipulingi imeneyi imanyamula injini. Waya akaduka idzanyamula mutu wanu. Nanga mbumba yonseyi ndidzaidyetsa chiyani, ndakatulo?"

Kutsutsa mwini mbumba pabwalo pake, amayi akumvera kukhitchini, si chinthu chapafupi. Anakhala chete nthawi yaitali akupukuta sipanala yoyera kale. Kenaka anadzaza dengu ndi mbatata n'kunditumiza kwa makaniko wina wa ku Chinamwali, amene anatibwereka zitsulo ziwiri za mazinga zofinyira sipulingi, koma kuti zibwerere dzuwa lisanalowe.

Zotsalazo zinali thukuta chabe. Tinakweza galimoto, kuikhazika pa zitsa za mlombwa pakuti jeke yokha sitsamiridwa, kuchotsa gudumu, kupachika buleki pa waya kuti paipi yake isakokeke, kumasula mabawuti a pansi ndi manati atatu a pamwamba, mwendo n'kutuluka. Pofinya ndi pamene ndinamva mtima kugunda: kumanga kuno pang'ono, uko pang'ono, mosinthana, nkhope utaipatutsa, kufikira sipulingi itayamba kugwedera pampando pake. Ana tinawathamangitsira kuseri kwa nyumba.

Chimene chinatizunza ndi nati yaikulu yotseka pakamwa pa chipaipi. Inali isanagwedezeke chichokere ku Japan. Tinaithira palafini, kuigogoda, kulumikiza paipi ya madzi ku sipanala, ine nditapondera mwendowo pansi, mpaka inalira n'kugonja. Oyilo amene anatuluka anali wochepa, wakuda ndi wonunkha. Amalume anamununkhiza, n'kunena kuti zaka zitatu akhala akutsika phiri ndi mapemphero a agogo okha. Katiriji yatsopano tinayamba taipopa kangapo ili chiimire, kuthira oyilo pang'ono m'chipaipi kuti azichotsa kutentha, kenaka kuilowetsa n'kumanga. Mbali yachiwiri inatenga theka la nthawi, ndipo zitsulo za eni zinabwerera kusanade.

Lachisanu lotsatira ndinathawa kalasi ya masana kuti ndikwere nawo. Tinatsika ndi matumba anayi, tauni yonse ikuoneka pansi, Nyanja ya Chilwa ikunyezimira patali. Pa kona ina yoopsa amalume anaponda buleki mwadala. Mphuno inagwada kamodzi n'kudzuka. Za waya sanatchulenso. Anangoti chiwongolero chikukokera kumanzere pang'ono, Lolemba apita nayo akaiyeze magudumu.