Usipa wa M'mbale Mwanu

Amayi anzanga, ife a ku Chisepo usipa timaudziŵa uli wouma, woikidwa m'timilu pa msika, ndipo sitigula tisananenerere mtengo. Inenso ndinali wotero kufikira pamene ndinatsika zitunda za Dowa ndi kukagona ku Senga Bay, m'boma la Salima.

Dzuŵa litaloŵa ndinaona asodzi akukankhira mabwato m'madzi, kulunjika kutali kumene gombe silionekanso. Kumeneko mmodzi, wotchedwa siginala, amayatsa nyali kuti usipa usonkhane, ndipo anzake amauzinga ndi khoka la chilimira. Mwezi ukaŵala kwambiri nyali sizikopa nsomba, n'chifukwa chake mtengo umakwera kwathu kuno.

Choopsa ndi mwera, mphepo imene imakuntha nyanja m'miyezi yozizira. Mayi amene anandisunga sanagone usiku umenewo, pakuti mwana wake anali pamadzi. Mnyamatayo anakocheza mbandakucha, ali wonyowa ndi wonjenjemera, atapha zidebe ziŵiri zokha.

Tinauphika m'maŵa womwewo ndi matimati ndi mchere basi. Usipa wauŵisi ndi wofeŵa, ndipo ulibe kuŵaŵa kuja tinakuzoloŵera.

Nayenso karapau wa m'mafiriji, wochokera ku nyanja ya mchere ya ku Namibia, amaphedwa ndi ana a eni ake, kutali ndi mtunda. Tsono mukagula nsomba, amayi, musamaseŵere nayo. Mitu ya usipa musataye: ikazingeni, muisinje, muthire m'phala la ana. Pali mayi amene anachezera usiku wonse kuti ndiwo imeneyo ifike m'mbale mwanu.