Mzinda wa Joni: Mawu kwa Ofuna Kugulako Nyumba

Inu makolo a kumudzi, ambiri a inu muli ndi ana ku Joni, ndipo ena atumiza mawu kuti afuna kugulako nyumba. Musanagulitse ng'ombe kuti muwathandize, yambani mwaudziwa mzindawo.

Johannesburg unayamba m'chaka cha 1886, pamene anthu anapezako golide. Uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, chotero mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Ulibe nyanja kapena mtsinje waukulu. Madzi ake ambiri amachokera ku damu la Vaal.

Migodi yakale inadutsa pakati pa mzindawo, kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo. Kumpoto kwake kuli mitengo yambiri ndi nyumba za mtengo wapatali, monga ku Sandton. Koma pafupi pomwepo pali Alexandra, kumene anthu amakhala mopanikizana. Kumwera chakumadzulo kuli Soweto. Nyumba zoyandikana ndi milu ya dothi la m'migodi zimasautsidwa ndi fumbi mphepo ya Ogasiti ikamaomba.

Lamulo la 1950 linagawa malo monga mwa khungu: Amwenye ku Lenasia, makaladi ku Eldorado Park, anthu akuda ku Soweto. Linathetsedwa mu 1991, ndipo lero munthu amakhala kumene thumba lake limlola. Ku Fordsburg ndi Mayfair mukapeza Amwenye, Asomali ndi mizikiti. Ku Cyrildene Matchaina. Ku Yeoville ndi Hillbrow anthu a ku Congo, Nigeria ndi Zimbabwe.

Tsono muuzeni mwana wanu zinthu zitatu. Choyamba, ayese kutalika kwa ulendo wa kuntchito, pakuti nyumba yotsika mtengo ya kutali imatha ndalama za minibasi tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, asapereke ndalama asanatsimikize ku Deeds Office kuti wogulitsayo ndiye mwini. Kumeneko kulibe nyakwawa yochitira umboni; mboni ndi chikalata basi. Adziwenso kuti nyumba zimene boma limapatsa osauka, zotchedwa RDP, siziloledwa kugulitsidwa zisanathe zaka 8. Chachitatu, apewe nyumba zosanja za pakati pa mzinda zimene akathyali analanda kwa eni ake. Mu Ogasiti 2023 ina yotere inapsa ku Marshalltown, ndipo munafa anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wanu ayambe wafunsa anzake amene akhalitsa kumeneko, ndipo ng'ombe zanu zituluke m'khola iye ataona chikalata cha nyumbayo ndi maso ake.