Zimene Telala Amaona Kuseri kwa Msoko

Anthu ambiri amene amafika pa khonde limene ndimasokerapo, pano pa boma la Lundazi, atanyamula malaya ong'ambika kapena diresi losuluka, amayamba ndi kudandaula kuti nsalu za masiku ano n'zosalimba, ndipo ine, pokhala munthu wodyera singano, sinditsutsana nawo msanga, pakuti m'mawu awowo muli choonadi ndithu. Koma ndikatembenuza chovalacho kuti ndione misoko, m'khwapa ndi m'mphepete mwa kolala, kawirikawiri ndimapeza kuti chinachipha si thupi la mwini wake ayi, koma mwala wa kudambo, dzuwa la mwezi wa Okutobala ndi nsimbi yodzaza makala. Zovala zambiri zimathera m'manja mwa anthu amene amati akuzisamala.

Mkulu amene anandiphunzitsa kupalasa makina a Singer anayamba kusoka pa makonde a masitolo a amwenye m'masiku amene bwana DC Errol Button anali kumangitsa nyumba ya Castle ija ili m'mbali mwa damu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo iyeyo pa ubwana wake anaona ndi maso ake nkhalamba zitavala nyanda, khungwa la mombo lomenyedwa mpaka kufewa. Kwa mbadwo umenewo nsalu inali chuma chowerengedwa pamodzi ndi mbuzi ndi makasu. Usiwa unkaopedwa monga njala, kotero kuti amuna ankasiya mabanja awo n'kupita ku Salisbury ndi ku Johannesburg kuti tsiku lina adzabwere ndi bokosi lachitsulo lodzaza zovala, pakuti paja nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Lamulo loyamba la mkuluyo kwa ine linali ili: "Mwanawe, usadule nsalu ngati wayambana nayo. Siya chala chathunthu kuseri kwa msoko, pakuti mwini wake adzanenepa, ndipo mng'ono wake akudikira." Kufikira lero yunifolomu ya mwana wa sukulu ndimaipinda mpendero wautali, ndipo makolo ena amandiyesa munthu wosadziwa kuyeza.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lathu lino ndi la thonje. Nyengo yokolola ikafika, aliyense woyenda mumsewu wa makilomita pafupifupi 180 wopita ku Chipata amakumana ndi magalimoto olemedwa ndi mabelo ochokera m'minda ya kwa Mwase, kwa Kapichila ndi kwa Mphamba. Koma thonjelo likachoka, silibwereranso kwa ife monga nsalu yathu. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, inaimitsa makina ake mu 2007, nayonso ya Kafue Textiles inagwa, ndipo chilowereni boma la Frederick Chiluba mu 1991, limene linatsegula zitseko za malonda, salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, ndiye wakhala akuveka mtundu. Ine sindidana naye salaula monga ankachitira atelala anzanga pachiyambi, popeza theka la nsima yanga limachokera m'kuchepetsa mathalauza ndi kufupikitsa mikono ya majekete ake. Komabe chovala cha salaula chimafika kuno chitatha kale gawo la moyo wake pa thupi la munthu wina wa ku Ulaya kapena ku America, ndipo mubelo limodzi mumakhala thonje, ubweya wa nkhosa ndi poliyesita, zimene sizifuna chisamaliro chimodzi. Wofuna kudziwa chimene wagula azule kaulusi kuseri kwa msoko n'kukayatsa ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, ubweya umanunkha tsitsi lowauka, pamene poliyesita imasungunuka n'kuuma kambulu kolimba.

Tsono tifike ku chitsime, kumene kuli manda a zovala zambiri. Kumenya nsalu pa mwala kunayenera khaki wokhuthala ndi mabulangete a masiku aja. Koma malaya opyapyala a lero akamenyedwa chomwecho mabatani amasweka, zipi imakhota, ndipo ulusi umaduka pang'onopang'ono mosaoneka, kufikira tsiku limene mwini wake aweramira kuti atole kanthu pagulu la anthu. Kunyika chovala kanthawi m'madzi a sopo n'kuchifikisa ndi manja kumachotsa litsiro loposa limene mwala ungachotse. Chachikulu ndi kutsukuluza kufikira madzi atayera, chifukwa sopo wotsalira m'nsalu amaiumitsa n'kuikokera fumbi, makamaka kumene madzi a pamjigo ali amchere ndipo mayi amawonjezera sopo poona kuti thovu silikubwera. Chitenje chatsopano chichapidwe chokha m'madzi ozizira. Jekete la ubweya lisalowe m'beseni konse, pakuti madzi otentha amalikhwinyata, ndipo nsalu yolimbitsa imene ili m'kati mwa chifuwa chake ikanyowa imatupa matuza amene palibe telala angawachize. Likwanira burashi, kansalu konyowa pa kolala, ndi kulipachika pamphepo likavulidwa.

Amayi a Umanyano a mpingo wa CCAP, umene sinodi yake ya Zambia inakhazikitsidwa konkuno ku Lundazi mu 1984, ndi amene amandibweretsera mabulauzi oyera obooka m'khwapa, ndipo mwa ulemu ndimawafunsa kuti, "Amayi, kodi Jik mumathira wochuluka bwanji?" Amaseka, n'kuyankha kuti, "A telala, nanga munthu n'kukaima pamaso pa Mulungu ndi bulauzi yachikasu?" Changu chawocho ndimachilemekeza; koma mankhwala oyeretsawa akathiridwa osasungunula, kapena nsalu ikagonamo usiku wonse, amadya thonje lenilenilo pamodzi ndi banga lake, ndipo poliyesita ina amaisandutsa yachikasu koposa. Mdani wa m'khwapa ndi thukuta limene lasiyidwa kuuma m'nsalu sabata yathunthu kudikira Loweruka. Banga lililonse lili ndi mankhwala ake likadali laliwisi: magazi amachoka ndi madzi ozizira, koma akakumana ndi otentha akhazikika mpaka muyaya, mafuta amafuna sopo wopakidwa pouma asananyikidwe, utomoni wa nthochi wokha ndi umene ndimauza mwini wake kuti angouvomereza.

Poyanika pali nkhani yovuta, imene ndiyenera kuifotokoza mofatsa chifukwa malangizo ake amaoneka ngati akutsutsana. Dzuwa limayeretsa zoyera, koma limasulutsa zamitundu n'kufooketsa thonje, motero chitenje kapena malaya akuda ayenera kutembenuzidwa, kuyanikidwa pa chingwe, ndi kuanulidwa akangouma, osati kusiyidwa mpaka madzulo pamene eni ake ali kumunda. Koma mthunzi nawo uli ndi mwini wake. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira pa dothi la pamthunzi ndi pa nsalu zonyowa, makamaka matewera ndi zovala zonunkha thukuta kapena mkodzo, ndipo timphutsi take tikaswa timaloŵa m'khungu n'kutupitsa zithupsa zimene amayi onse a kuno amazidziwa pa misana ya ana awo. Chifukwa chake chovala chisayalidwe pansi kapena pa udzu, ndipo m'dzinja chilichonse chokhudza khungu chisitidwe, nsimbi ikupita m'misoko ndi m'chiuno mmene mazira amabisala.

Nsimbi ya makala ilibe kabatani kochepetsera moto, ndipo nzeru yake yonse ili m'dongosolo: ikatentha kwambiri yambani ndi khaki ndi thonje lowazidwa madzi, ikayamba kuzirala m'pamene mufike pa poliyesita, mutayala kansalu koyera pamwamba pake. Thalauza lakuda losita popanda kansaluka limanyezimira m'maondo ndi m'matako, ndipo kunyezimirako sikuchoka, pakuti ulusi wapsa. Phulusa muzikutumulira kutali ndi tebulo, chifukwa kakhala kamodzi kotuluka pa tizibowo ta m'mbali kamaboola siketi ya nayiloni m'kuphethira kwa diso.

Za kusunga ndinena mwachidule. Njenjete imene Malembo amaitchula idakalipo, ndipo imakonda ubweya wosungidwa ndi litsiro. Chiswe chimakwera bokosi lokhala pa dothi, ndipo nkhungu imamera pa chovala cholongedwa chisanaumitsitse. Bokosi likhale pa njerwa, ndipo suti yodikira ukwati kapena mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti iziturutsidwa pamphepo mvula ikatha.

Chotsala ndi ntchito ya ine mwini, ndiyo kusoka zong'ambika, imene atelala achinyamata amainyoza pofuna masitayilo okhaokha. Uthenga Wabwino umachenjeza za kuika chigamba cha nsalu yatsopano pa chovala chakale, ndipo amene ananena fanizolo ankaidziwa ntchito yathu: nsalu yosachapidwapo imakhwinyata ikakumana ndi madzi koyamba, n'kukoka yakaleyo mpaka kuing'amba kuposa poyamba. Chigamba changa ndimachichotsa m'kati mwa thumba kapena ku mpendero wa chovala chomwecho, kuti mtundu ndi msinkhu zifanane, ndipo ndimachigoneka motsata mizere ya ulusi, n'kuchisokera pa nsalu yolimba kupitirira pamene pafooka. Kolala ya malaya ikadyeka, ndimaisomola, kuitembenuza n'kuibwezera, mbali yobisika ija n'kukhala kunja. Shiti yogonera ikapyapyala pakati, ndimaing'amba pawiri n'kulumikiza mbali za m'mphepete kuti zikhale pakati. Chimene sindingathe ndi kuukitsa nsalu yofumbwa ndi dzuwa kapena Jik, imene singano ikaloŵa imangong'amba njira yatsopano. Yoteroyo ndimaibweza kwa mwini wake wosalandira ndalama, nditayamba ndadula mabatani ndi zipi n'kumupatsa m'manja kuti akasunge.