Mwana Kumsana, Choko M'manja

Ife a m'makomboni a Lusaka tikamva za nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, timaganiza amuna ndi mfuti. Koma pali mai wina amene anakhala mu mzinda uno, ndipo nkhondo yake anaimenya ndi choko, mwana ali kumsana. Dzina lake ndi Fay Chung.

Anabadwa mu 1941 ku Southern Rhodesia, m'banja lochokera ku China. Mai ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi agogo. Ataphunzira, anakaphunzitsa ana akuda m'masukulu a m'makomboni, kumene anaona tsankho ndi maso ake. Atamaliza maphunziro ena ku Leeds, anabwera kudzaphunzitsa pa UNZA mu 1971, ndipo ali kuno analowa ZANU.

Pa 18 March 1975, bomba linapha Herbert Chitepo pakhomo pake ku Chilenje. Boma la a Kaunda linamanga anthu ambiri a ZANU, ndipo Fay anachoka m'dziko muno n'kupita ku Tanzania. Kumeneko, mu 1977, anabereka mwana wamkazi, Chipo, dzina la Chishona lotanthauza mphatso. Khandalo linakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Mozambique, mai wake akuyendetsa maphunziro a ana masauzande ndi kuphunzitsa aphunzitsi, pamene ndege za Ian Smith zinali kuponya mabomba pa misasa yotere. Nkhondo itatha, anadzakhala nduna ya maphunziro ku Zimbabwe mu 1988, ndipo mu 2006 anatulutsa buku la zimene anaona, Re-living the Second Chimurenga. Chipo lero amasewera m'mafilimu ku London.

Chimene chitikhudza ndi ichi: Fay analemba, n'chifukwa chake timudziwa. Nanga ambuya athu a ku Matero, George ndi Chawama? Pa 19 October 1978, asilikali a Rhodesia ataphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, iwonso anali ndi makanda kumsana. Anaima pa mizere ya unga ndi sopo malire atatsekedwa. Anakhala pa lendi limodzi ndi othawa kwao. Zonsezi zili m'mitu mwawo chabe, ndipo maliro alionse amapita nazo kumanda ku Chingwere.

Ife a pa wailesi tiona kuti foni iliyonse imajambula mawu. Pa Sondo, mukatuluka mu chalichi, khalani pansi ndi ambuya, muwafunse kumene anali tsiku la Chikumbi, ndi mwana uti amene anam'bereka kumsana tsikulo. Mwina anali mai anu.